Nkhani ya chibwenzi cha mwana wa Fomu 2 isamathere pamkeka wa agogo

Nkhani zambiri za achinyamata zimene anthu amalemba kuno zimayenda njira imodzi ngati ng'ombe zopita kudibi. Mtsikana wanzeru wa Fomu 2, makolo ake osauka koma oopa Mulungu, wakumana ndi mnyamata. Tsamba lachitatu wavomera chibwenzi, lachisanu wayamba kulakwa mayeso, lachisanu ndi chiwiri ali ndi pakati, mnyamata uja wathawira ku Joni. Pomaliza agogo akhala pamkeka n'kupukusa mutu, amvekere samva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Sitikukana kuti zoterezi zimachitika. Aliyense wa kuno akukumbukira 2020, sukulu zitatsekedwa miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19, mmene dzina la Mangochi linkamvekera pawailesi pa nkhani ya mimba ndi maukwati a ana. Koma mwana wa zaka 15 amene mukumulemberayo ulalikiwu anaumva kale: paasembule, kwa amayi a mother group, kumadrasa, kutchalitchi, kwa anankungwi. Akangowerenga ndime yoyamba wadziwa kothera, basi wabwerera ku TikTok. Chimene sanachionepo papepala ndi moyo wake wa tsiku ndi tsiku, mmene m'mimba mumachitira uthenga ukawerengedwa koma osayankhidwa, kapena mnzako wa pamtima akasamukira desiki ina osakuuza chimene walakwa. Tiyeni tione mmene mungalembere nkhani yotere, ya achinyamata a ku Mangochi, anzawo, zibwenzi zawo ndi nkhawa zawo.

Mangochi ndi yaikulu

Musanalembe chiganizo n'chimodzi chomwe, tengani pepala muyankhe mafunso awa za mpangankhani wanu wamkulu. Ali ndi zaka zingati, ndipo ali Fomu chani? Amagona ndi ndani m'chipinda? Amayenda mphindi zingati popita kusukulu, nanga amadutsa pati? Ndani amamulipirira fizi? Akadzuka, ntchito yake yoyamba ndi iti?

Mafunsowa akuoneka achibwana, koma ndi amene amasiyanitsa munthu ndi chithunzi cha pakalendala. Mwana wa pa Boma amene amaoloka mlatho wa Bakili Muluzi m'mawa uliwonse si yemweyo ndi wa ku Makanjira, kumene ulendo wa kuboma ndi nkhani yokonzekera masiku. Wa ku Chembe wakula akuona azungu odzaona nyanja ndi anyamata owayendetsa pabwato. Wa ku Namwera amavala juzi mu Juni, nyanja amangoiona akatsika phiri, ndipo malire a Chiponde ali pafupi kuposa gombe. Mukasakaniza zonsezi n'kupanga "mudzi wina m'boma la Mangochi", owerenga a kuno adzadziwa msanga kuti wolembayu anangodutsa pa basi.

Sukulu nayo isankheni bwino. Ya CDSS, yoyendera, ili ndi njira yobwerera kunyumba, ndipo theka la zibwenzi ndi mikangano limachitikira panjira imeneyo. Yogonera konko ili ndi hositelo, metironi ndi mphekesera zofala usiku umodzi. Palinso atsikana a self-boarding, ochita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu, odziphikira okha, amene ufa ukawathera Lachitatu alibe wowadandaulira pafupi. Nkhani zitatu zosiyana zimenezo.

Za msinkhu, ana amakonda kuwerenga za amene ali patsogolo pawo pang'ono. Ngati mukulembera a Fomu 1 ndi 2, mpangankhani akhale wa zaka 16 kapena 17. Nthawi yonse ya nkhaniyo musaitalikitse. Teremu imodzi imakwana. Yachitatu ndiyo yokoma kwa wolemba, chifukwa mayeso a MANEB ali pakhomo, mwera ukuomba, asodzi akulephera kulowa m'madzi ndipo ndalama m'makomo a kugombe zachepa. Ngati banjalo ndi lachisilamu ndipo mukufuna Ramadani ilowe m'nkhani, onani kalendala ya chaka chimene mwasankhacho, poti mweziwu umafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Tchuthi chachikulu ndi nthawi ya jando ndi nsondo, ndipo mwana wobwera kumeneko amayamba kuonedwa mwina ndi anzake.

Msana wa nkhani ndi mnzake, osati chibwenzicho

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chibwenzi cha ana a sukulu, kunena zoona, chilibe zochitika zambiri. Kuyang'anana pamjigo, kuperekezana mpaka pamlambe umene suonekera kunyumba, timauthenga ta usiku, kugawana zigege pa buleki. Mukachiika pakati pa nkhani chokha, pofika mutu wachinayi mwasowa cholemba, ndiye mumathamangira mimba kapena ngozi ya galimoto.

Chimene chimapweteka kwenikweni pa msinkhu umenewu ndi mnzako. Ndi amene anatumidwa kukapereka uthenga wofunsira, ndi amene amabwereketsa foni, ndi amene amanama kwa amayi kuti "tinali tonse kusitade". Ndiye ali ndi chinsinsi chonse m'manja, komanso ndi amene watsala yekha panjira pamene mnzake wayamba kuperekezedwa. Musamupange mfiti. Mnzake woipa kuyambira tsamba loyamba sapweteka munthu. Wopweteka ndi amene amakukondadi, koma tsiku lina atakwiya anauza munthu mmodzi yekha, munthu mmodziyo n'kujambula uthengawo n'kuuponya pagulu la WhatsApp la kalasi.

Choncho konzani nkhani mwa mizere itatu yoyenda limodzi: ubale ndi mnzake, chibwenzi, ndi zimene zikuchitika m'mutu mwa mwanayo. Mutu uliwonse ukankhe mizere iwiri mwa itatuyi. Pampondachimera pakhale pamene itatu yonse yakumana, mwachitsanzo tsiku limene chinsinsi chaululika n'lomwenso akulemba mayeso oyeserera a masamu.

Anzake akakangana, asamanene chimene akukanganiracho. Ana satero, ngakhale akuluakulu satero. Taonani:

"Dzulo sunandidikire."
"Ananditumatu kuchigayo."
"Chigayo chake chiti, magetsi kunalibe tsiku lonse?"
"Cha dizilo."
"Oo."

Palibe watchula mnyamata, palibe wanena kuti "ndikumva nsanje". Koma "oo" ameneyo wowerenga wa Fomu 2 akumudziwa, anamunenapo.

Foni ndi ndalama muzilembe monga zilili. Nthawi zambiri foni si yake, ndi ya amayi kapena ya achimwene, amaigwira mphindi zochepa akaitenga kokatchajitsa. Dzina la mnyamata analisunga kuti "Anti a ku Malindi". Mauthenga amafufutidwa asanabweze foniyo, ndiye alibe powerenganso kuti atsimikize zimene mnyamatayo ananena, amangozibwereza m'mutu mpaka zitasintha tanthauzo. Bandulo ikatha pakati pa mkangano, usiku wonse umenewo ndi mutu wathunthu wa buku. Mitengo yeniyeni ya zinthu musailembe. Kwacha inatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nkhani imene inatchula mtengo wa sopo chaka chimenecho chisanafike lero ikuseketsa. Nenani kuti "ya kabaza", "ya sopo", "ya mayunitsi".

Komanso musabise kuti mnyamata wa sukulu sapikisana ndi anyamata a sukulu okhaokha. Pali wobwera ku Joni mu Disembala ndi foni yatsopano m'thumba, pali wa njinga yamoto, pali msodzi amene usipa wamuyendera usiku wopanda mwezi ndipo m'mawa ali ndi ndalama zimene mphunzitsi sazigwira pa sabata. Mtsikana akamaganiza zovomera wotere si kuti ndi wopusa, mwina wakhala masiku atatu osapita kusukulu chifukwa chosowa zovalira kumwezi. Lembani zimenezo moona, koma munthu wamkulu wofunsira mwana musamukometse. Chimenecho si chibwenzi, ndi chidyamakanda, ndipo nkhaniyo izionetsa yokha popanda inu kuima n'kulengeza.

Nkhawa ilembedwe m'thupi

"Asiyatu anali ndi nkhawa kwambiri." Chiganizo chotere n'chakufa. Wowerenga sanamve kanthu. Ndipo mwana weniweni wa nkhawa kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti dzina lake ndi limenelo. Iye amati mtima ukuthamanga, mutu ukuwawa, m'mimba mukupota, tulo sitikubwera, akuganiza kwambiri. Yesani motere:

Madamu atangoti, "Asiyatu, tabwera kubolodi," choko chinaoneka ngati chili kutsidya kwa Shire. Anadzuka. Miyendo inachita ngati yobwereka. M'manja munali chinyezi, anapukutira pasiketi, chinabweranso. Kumbuyo wina anatsokomola, iye n'kudziwiratu kuti kalasi yonse yawerenga uthenga wa dzulo uja.

Onani mawu akuti "n'kudziwiratu". Sanadziwe kanthu, wina wangotsokomola. Koma nkhawa imatenga chongoganizira n'kuchisandutsa chotsimikizika, ndipo mukalemba muli m'mutu mwa mwanayo, wowerenga amakhulupirira naye limodzi, kenako n'kudzazindikira naye limodzi kuti sizinali choncho. N'chifukwa chake nkhani zotere zimayenda bwino ngati wosimba ndi mwiniwake, "ndinadzuka, ndinaona", kapena ngati mukuti "iye" koma osachoka m'mutu mwa munthu mmodziyo. Mukangodumphira m'mutu mwa mnyamata n'kutiuza kuti sanayankhe chifukwa foni inathera moto, mwaphwetsa zonse.

Pali zinthu zingapo za nkhawa zimene wolemba ayenera kuzidziwa kuti asaname. Kuda nkhawa mayeso akayandikira n'kwa aliyense. Kumakhala vuto pamene kwatenga masabata kapena miyezi, kukulepheretsa munthu kugona, kudya, kupita kusukulu kapena kucheza. Pali mtundu wina umene umabwera mwadzidzidzi: mtima kugunda ngati ng'oma, mpweya kubanika, kunjenjemera, chizungulire, munthu kuona ngati akufa pompo. Zimafika pachimake m'mphindi zochepa, ndipo nthawi zambiri zimakhala zitazilala pasanathe theka la ola, munthu n'kutsala wotheratu. Dzanzi la m'zala ndi kuzungulira pakamwa limabwera chifukwa chopuma mofulumira. Ndiye musalembe kuti anakhala choncho kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chimene chimakhala tsiku lonse ndi mantha akuti zibweranso.

Mantha amenewo ndiwo injini ya nkhani yanu, chifukwa nkhawa imakula ndi kuthawa. Zinamuchitikira pabolodi, ndiye mawa akhala kumbuyo. Mtima wakhala pansi, thupi laphunzira kuti kuthawa kumathandiza. Mkuja ajomba masamu. Sabata yamawa anamizira mutu n'kujomba tsiku lonse. Kenako njira yodutsa pamsika ayamba kuilambalala poopa kukumana ndi a m'kalasi. Dziko lake likunka lichepa mutu ndi mutu, ndipo inu simunafune ngozi, imfa kapena mfiti kuti nkhani iyende. Chimodzimodzi kufunsafunsa. "Wandikwiyira?" Mnzake akuti ayi. Mtima ukhala pansi ola limodzi, kenako afunsanso. Pofika kachisanu mnzake uja watopa, wayankha mwaukali, ndipo chimene ankachiopa chija chachitikadi. Apa mzere wa nkhawa ndi wa ubwenzi yalukana yokha.

Akunyumba nawo aziona zimenezi ndi maso a kuno. Amayi apita naye kokayezetsa malungo, osapezeka. Azakhali anong'oneza kuti mwanayu muyezeni mimba. Agogo akuti ndi majini, kapena wina wamuchita chipongwe chifukwa cha nzeru zake za m'kalasi. Abambo ali ku Joni, pa foni angoti ndi ulesi, fizi ikuvuta kupeza. Palibe woipa mwa anthu amenewa, onse akumufunira zabwino ndi nzeru zimene ali nazo. Wolemba wonyoza agogo kapena shehe kapena abusa kuti aoneke wophunzira amataya owerenga, poti owerengawo amawakonda anthu amenewa.

Kuchira ndiye musakufulumizitse. Cholakwika chofala n'chakuti mnyamata wamugwira dzanja, wamuuza kuti amamukonda, nkhawa yatha. Bodza limenelo n'loopsa, chifukwa mwana wowerenga adzayesa kuti mankhwala ake ndi chibwenzi. China n'chakuti wacheza kamodzi ndi madamu okoma mtima, m'mawa wadzuka munthu watsopano. Zenizeni zimayenda pang'onopang'ono ndipo zimabwerera m'mbuyo. Wauza munthu wamkulu mmodzi. Waphunzira kukoka mpweya akuwerenga mpaka 4 n'kuutulutsa akuwerenga mpaka 6, ndipo ulendo woyamba sizinathandize kwenikweni. Wabwerera m'kalasi ya masamu n'kukhala pafupi ndi chitseko. Sabata ina wayankha funso limodzi ali chikhalire. Lachinayi zamugwiranso. Ngati afika kuchipatala, afike kumene mwana wa kuno angafikedi: pachipatala chaching'ono cha m'dera pamene pali malo othandizira achinyamata, kapena chachikulu cha pa Boma pamene pamakhala anamwino oona za matenda a maganizo. Osati mpando wawofuwofu wa m'mafilimu. Ndipo musathamangire kumutumiza kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Ana ambiri amabisa nkhawa zawo chifukwa choopa kutchedwa amisala, ndiye nkhani yanu isawonjezere manthawo.

Chiyankhulo

Ana a kuno sayankhula Chichewa cha m'buku la galamala. Pamsewu ndi "aise", "zili bho", "wandiflasha", kunyumba ambiri ndi Chiyao, m'kalasi Chingerezi chothyokathyoka. Ikani pang'ono chabe, ngati mchere. Mawu a pamsewu amakalamba msanga, amene ali m'fasho chaka chino chaka chamawa ndi a madala. Chiyao chingalowe pamene chili ndi ntchito, monga agogo polonjera m'mawa kuti "Ajimwiche uli?", kapena "Che" ndi "Abiti" patsogolo pa dzina. Ngati Chiyaocho simuchidziwa bwino, funsani mwiniwake wa chiyankhulo akuonereni, musalote.

Chida chimene Chichewa chinakupatsani kwaulere ndi "iwe" ndi "inu". Mnyamata poyamba kufunsira angati "inu achemwali". Tsiku limene adzati "iwe" chinachake chasintha, ndipo simufunika kufotokoza. Mnzake wa pamtima akadzati "ayi, inuyo pitani, anzanu akukudikirani", wowerenga adzamva kuzizira kwake. Kwa makolo, amalume ndi aphunzitsi ndi "inu" nthawi zonse, ngakhale mwanayo atakwiya chotani. Mwano wake uonekere m'kuchedwa kuyankha, kapena m'kuika mbale pansi mwamphamvu.

Malire ena

Ampangankhani anu ndi ana. Zogonana musazijambule ndi mawu, chitseko chitsekeke, nkhani ipitirire m'mawa. Malamulo muwalondole: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Ukwati wa mwana wa Fomu 2 ungachitike m'nkhani monga umachitikira m'midzi, koma pali mafumu, apolisi a Victim Support Unit ndi a mother group amene angauthetse. Ngati mwasankhabe kuti mtsikana atenge mimba, dziwani kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Nkhani yonena kuti sukulu yathera pomwepo ikuphunzitsa bodza. Tsiku lobwereralo, kulowa m'kalasi ya ana amene anali kumbuyo kwake, mkaka ukudontha pabulauzi, ndi nkhani yoposa ya mimbayo, koma ndi ochepa amailemba.

Mwana wa m'nkhani akafika poganiza zodzipha, njira yake musaitchule, ngakhale dzina la mankhwala kapena chida. Musalembenso ngati kuti imfayo ndi imene yachititsa anzake kumva chisoni n'kumukonda, chifukwa alipo wowerenga amene ali pomwepo. Onetsani wina akumufunsa mosapita m'mbali, iye akuyankha, thandizo likubwera.

Chinanso, nkhani ya mwana wa mnansi wanu musaikopere n'kungosintha dzina. Ku Monkey Bay kapena ku Katuli anthu amadziwana, adzamuloza.

Utali ndi kufalitsa

Nkhani yaifupi ya munyuzipepala kapena yowerengedwa pawailesi ya m'dera monga Dzimwe ikhale ya mawu pakati pa 1,200 ndi 2,000, ampangankhani osaposa anayi, chochitika chachikulu chimodzi. Ya pawailesi iwerengeni mokweza mutatchera wotchi, poti mawu a Chichewa ndi aatali ndipo tsamba limatenga nthawi kuposa mmene mukuganizira. Kabuku ka mawu 25,000 kamakwana bwino mitu 18 mpaka 20. Ngati mukuponya mutu umodziumodzi pa Facebook kapena WhatsApp, uliwonse usapose mawu 1,000, ndime zikhale zazifupi chifukwa akuwerengera pa kafoni kakang'ono, ndipo tumizani mawu enieni, osati zithunzi za masamba zimene zimadya bandulo. Malizani kulemba mitu yonse musanaponye woyamba. Ambiri amayamba ndi moto, mutu wachisanu n'kuzimirira, owerenga n'kutsala akufunsa kuti "nanga Asiyatu uja?"

Posindikiza nokha, pepala la A4 lopindidwa pakati limapereka masamba 4 a A5, ndiye chiwerengero cha masamba chigawike ndi 4. Mawu 25,000 amadzaza masamba opitirira pang'ono 100, amene ndi mapepala a A4 oposa 25. Mulu wotere sitepulala wamba saugwira bwino ndipo masamba a pakati amatuluka kunja, choncho ugaweni timabuku tiwiri kapena mupite kwa omata ndi guluu. Za umwini wa ntchito yanu, funsani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso.

Musanawononge ndalama, pezani ana asanu a msinkhu umenewo, makolo awo atavomera, osati ana anu kapena amene mumawaphunzitsa poti adzangoti "ndi yabwino, sala". Apatseni mitu itatu ndi pensulo, muwauze kuti alembe mtanda pamene atopa ndi pamene aona kuti "munthu sanganene chonchi". Pamene mitanda itatu yakumana, nthawi zambiri mudzapeza kuti ndi pamene munthu wamkulu wayankhula mizere yoposa isanu osadulidwa. Dulani pamenepo. Tsamba lomaliza lisiyeni lopanda nkhani, mungolembapo nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ndi zilembo zazikulu zoti ziwerengeke ndi kuwala kwa tochi ya pafoni.